Kankhadze ka Pamwala ndi Diso la Bambo Anu

Jaime ndi Selina, ana anga, za ubwana wanga mwazimva mpaka kutopa nazo, ndipo za kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi munaziona ndi maso anu ngakhale munali aang'ono. Pano poti ndapuma, ndikufuna ndikulembereni za ntchito yanga, makamaka za kamtengo kena kamene kanandisowetsa mtendere zaka zambiri. Pamene diso la bambo anu linkaonongeka inu munali kushikola ku Lichinga, ndipo nkhaniyi munangoimva kwa azakhali anu ndi kwa anthu a pamsika. Tsopano muimve kwa ine.

Metangula, nkhondo itangotha

Titabwerera ku Msumba tinapeza nyumba ya makolo a bambo anu yatsala zipupa zokha, m'kati mutamera tchire. Bambo anu, a Matiyasi, sanachedwe kubwerera kunyanja, poti ukonde anabwera nawo. Ine ndinamva kutchalitchi kuti ku Metangula akufuna anthu pa viveru, malo ofesera ndi kulerera mbande za mitengo. Kumsasa kuja ndinali nditagwirako ntchito yotereyi, choncho ndinavala chitenje changa chabwino n'kuuyatsa wapansi.

Woyang'anira viveru anali a Amisi, Myao wa kumapiri, wamfupi, wa kofiya woyera, munthu wosaseka wamba. Chipwitikizi changa chinali chitachita dzimbiri ndi zaka za ku Malawi, ndipo ndinkaopa kuti andifunsa mafunso ambiri. Sanandifunse kanthu. Anangondipatsa ndowa n'kuloza mzere wa mbande za mango.

"Thirirani ndione."

Ndinathirira.

"Mumathirira ngati mukuzimitsa moto," anatero. "Koma simunapondepo mbande. Mawa mubwere m'mawa, seti ora."

Ntchito ndinaipeza motero. Zosowa zinali zambiri kuposa zomwe zinalipo. Timatumba ta pulasitiki tofeseramo tinkabwera mwa apo ndi apo, ndiye tinkayenda m'madzala kutolera zitini za mkaka ndi za nsomba, n'kumaziboola pansi ndi msomali. Wilibala inalipo koma yopanda tayala, tinkainyamula awiri ngati machira. Madzi tinkasenza pamutu kuchokera kunyanja. A Amisi ankafika m'mawa ife tisanafike, ankapisa chala m'chitini chilichonse, ndipo akapeza chouma ankangokuyang'ana osayankhula, iwe n'kuthamangira ndowa wekha. Anatiphunzitsa kulumikiza mango ndi malalanje, kufesa mbawa, kusakaniza dothi ndi manyowa. Anthu obwera kuchokera ku Malawi ndi ku Tanzania ankadzatenga mbande kuti akabzale m'mabwinja mwawo, ndipo mitengo yambiri ya mango imene mumaiona ku Msumba lero inadutsa m'manja mwangamu.

Chilimwe chimene kunabwera a dotora

Patapita zaka zingapo kunafika mayi wina wophunzira za zomera kuchokera ku Maputo. Tonse tinkangomuitana kuti a dotora. Ankafuna munthu wodziwa njira za kumapiri a kuseri kwa Msumba, ndipo a Amisi analoza ine. Tinakwera dzuwa likuswa mtengo, mpaka tinafika pathanthwe lalikulu limene tinkapumirapo tili atsikana pochokera kunkhuni. Mwala unkatentha mpaka kudutsa patapata. A dotora anaima mwadzidzidzi n'kugwada.

M'ming'alu ya mwalawo munali timitengo tatifupi, tosafika ndi m'bondo momwe. Masamba tinalibe. Nthambi zake zinali zonenepa ngati chala chachikulu, za ngodya zinayi, zobiriwira motuwa, ndipo m'mbali mwake munali minga iwiriiwiri. Ine ndinali nditationa kambirimbiri, koma ntchito yanga inali kungotilambalala kuti tisandibaye.

"Mumakatcha chiyani kameneka, Rozina?" anandifunsa.

"Kalibe dzina lenileni. Timangoti kankhadze ka pamwala, poti utomoni wake ndi woyera ngati wa nkhadze ya mpanda."

"Ndi pachibale ndithu ndi nkhadze," anatero. "Koma ine ndayenda malo ambiri, aka sindinakaonepo. Mwina kaliponso kwina. Mwinanso ndi pano pokha."

Anavala magolovesi n'kudula nthambi zingapo. Utomoni unatuluka ngati mkaka. Anandigwira paphewa n'kundiyang'ana m'maso. "Uwu usadzakhudze diso la munthu. Ukagwira, sambani m'manja musanadzikande paliponse." Nthambi zina anapita nazo, zina anasiyira a Amisi kuti tiziyese pa viveru, ndipo anati adzabweranso kudzaona. Sanabwerenso. Patsogolo pake tinangomva kuti anadwala n'kusiya ntchito. A Amisi anandipatsa nthambizo ine. "Munakwera ndinu, mulere ndinu."

Ndinazichitira zonse zimene ndinkachitira mango. Dothi lakuda la manyowa, mthunzi wabwino, madzi m'mawa ndi masana. Sumana ziwiri, kapena kuti masabata awiri, zisanathe nthambi zinayamba kuda m'munsi, ukazigwira ndi kamtengo zinkangofewa ngati papaya woola. Ndinaitana a Amisi ndikuganiza kuti ntchito yatha. Anakhala chonjuta nthawi yaitali akuyang'ana zitinizo.

"Tonse awiri talakwitsa," anatero. "Kanthu komera pamwala ife tikukapatsa chakudya cha nthochi. Pitani mukaone komwe kamakhala, mukaone bwino, mudzandiuze."

Ndinakweranso. Ndinaona kuti mizu yake imangogwira timiyala ndi fumbi lochepa la m'ming'alu, ndipo mvula ikagwa madzi sakhalitsa pamenepo. Ndinadula nthambi zina, manja nditakulunga m'majumbo. Kuyambira pamenepo tinaphunzira pang'onopang'ono, tikulephera n'kuyambiranso. Nthambi ukaidula, podulapo uviike m'madzi kuti utomoni uleke, kenako uigoneke pamthunzi masiku angapo mpaka bala liume. Ukaibzala lili laliwisi imaola. Dothi lake ndi mchenga wokhakhala wa kumtsinje wosakaniza ndi miyala yoswa, manyowa ayi. Chitini chikhale ndi mabowo ambiri. Ukabzala usathirire mpaka uone kuti yagwira. Nthawi yotentha uthirire mwa kamodzikamodzi, dothi litauma mpaka pansi, ndipo nthawi yozizira usathirire n'komwe. Kukabwera tinsabwe toyera tija tobisala pakati pa minga, uzitipukuta ndi nthenga ya nkhuku yoviika m'madzi a sopo.

Chovuta chinali manja anga. Anazolowera kuthirira, ndipo kudutsa chitini chouma ndili ndi ndowa yodzaza kunkandipweteka mumtima. Dzinja linali loipa koposa. Tinamanga kadenga ka udzu pamwamba pa zitinizo, koma ndikakhala m'tchalitchi n'kumva mvula ikuyamba padenga, nyimbo inkandithawa pakamwa. Ndinkangoganiza ngati mphepo siinasasule kadengako, ngati madzi sakulowera cham'mbali. Lolemba ndinkafika ndikuthamanga. Timitengoto tinakula mochedwa kwambiri, koma tinakula, ndipo tinayamba kuphuka nthambi zatsopano.

Maniamba

A Amisi atapuma, ine ananditumiza ku Maniamba, kumtunda, ndi lonjezo loti ndikagwira bwino adzandikhazika kukhala woyang'anira viveru yakumeneko. Inu munali mutapita kale ku Lichinga. Bambo anu anati ndipite, iwo atsala ndi nyanja, ndizibwera kutha kwa mwezi pa shapa, minibasi zathu zija. Amene analowa m'malo mwa a Amisi analibe nato ntchito timitengo taminga tija, choncho ndinatilongedza m'dengu n'kupita nato.

Mkulu wanga kumeneko anali enjinyeru Kustodiyo, wochokera kumwera, wosamva Chinyanja, wachangu pa chilichonse. Sanali munthu woipa. Mutu wake unali pa paini, bulugamu ndi malalanje, ndipo ataona zitini zanga anangofunsa kuti, "Izi zibereka chiyani?" Nditafotokoza anagwedeza mapewa n'kundilola kuziika kuseri kwa nyumba yosungiramo zida, pansi pa malata.

Ku Maniamba kumazizira mosiyana ndi kuno. Mwezi wa Junyu nkhungu inkagona pansi mpaka dzuwa litakwera, zovala osauma, khoma likuchita thukuta. Timitengoto sindinkatithirira, koma chinyezi chokhacho chinkatikwanira kuti tiole. M'mawa uliwonse ndinkayamba ndapita kuseri kuja ndisanapereke moni kwa munthu, ndipo kawirikawiri ndinkapeza kena kada m'munsi. Ndinkadula pamwamba pa poolapo, kuumitsa, kubzalanso. Ndinkadzitonthoza kuti ngakhale tithe tonse, kuthanthwe kuja kuli make, ndidzakadulanso.

Ulendo wina nditabwera kuno ndinaona utsi kuphiri. Ndinafunsa bambo anu, iwo anati, "Ndi anyamata akuswa miyala. Anthu akumanga nyumba za njerwa tsopano, maziko akufuna miyala." Mawa lake ndinakwera. Ndinapeza amuna akusonkha moto waukulu pathanthwe kuti mwala ung'aluke, ena akumenya ndi nyundo. Onse ndinkawadziwa, mmodzi anali msuweni wanga. Pomwe panali timitengo paja panali phulusa ndi milu ya miyala.

"Timinga tija tili kuti?" ndinafunsa.

"Tinkatibaya, ndiye tinayamba n'kutiotcha," anayankha msuweni wangayo. "Bwanji, mumatifuna?"

Ndikanamuuza chiyani munthu amene akufuna kumanga nyumba atakhala zaka m'zisakasa? Tsiku lonse ndinazungulira miyala ina ya m'phirimo, mpaka minga inandithera chitenje, koma sindinapeze ngakhale kamodzi. Kenako ndinatsika. Ndinazindikira kuti timene tinali m'zitini zanga ndi tokhato timene ndinkadziwa kuti tilipo, ndipo tinali kuolera ku Maniamba.

Mwezi wotsatira ndinabwera nato kunyumba. Kuno kumatentha, ndi kwawo. Ndinamanga thandala lalitali kuseri kwa khitchini, ndi kadenga kake, ndipo ndinauza bambo anu kuti asatithirire, asatigwire, angoona kuti kadenga kasasasuke. Anaseka.

"Anzanga akazi awo akachokera ku Maniamba amabwera ndi nyemba ndi mbatata. Ine mwandibweretsera minga."

Msumba, nyengo yotentha ya chaka chimenecho

Timitengoto tinatsitsimuka. Miyezi ingapo ndinkati ndikafika ndipeza tatupa bwino, mitu yake ili yobiriwira. Mwezi wa Utuburu, wakhumi pachaka, ndinatenga feriya n'kubwera kudzapuma. Tsiku lina ndinali kumadzi ndikuchapa pamene ndinamva kukuwa kuchokera kumudzi. Mawuwo sindinawazindikire, chifukwa bambo anu ndinali ndisanawamvepo akukuwa. Ndinangoona mayi woyandikana nafe akuthamanga akuitana dzina langa.

Chinachitika n'chakuti mbuzi zinkathamangitsana n'kugunda mzati wa thandala. Zitini zinagwa, nthambi zinathyoka, mbuzi zikupondaponda. Bambo anu ankachokera kosoka ukonde. Ataona zimenezo anathamangitsa mbuzizo n'kuyamba kutola nthambi ndi manja, kuti ine ndisadzapeze zaphwanyika zonse. Kunkatentha, thukuta linawalowa m'maso, ndipo anadzipukuta ndi dzanja lomwelo.

Ndinawapeza akugubuduzika pansi atagwira kumaso. Ndinawachotsa manjawo mwamphamvu, ndinauza amuna awiri kuti awagwire, ine n'kumatsegula zikope ndi zala n'kumathira madzi. Amayi a m'mudzi anapanga mzere ndi ndowa. Ndinathira osaleka, iwo akulira kuti, "Moto, moto, Rozina, ndikupsa!" Zikope zinatupa ndikuona. Munthu wina anabweretsa boti la injini ndipo tinathamangira nawo kuchipatala ku Metangula, ine ndikuthirabe madzi m'njira yonse.

Kuchipatala anawatsukanso, anawathira mankhwala, n'kumanga maso onse awiri. Namwino anandiuza kuti ndinachita bwino kuthira madzi ambiri, koma za kuona sanalonjeze kanthu. "Tidikire titamasula," anatero. Mukudziwa kuti pagulu lawo la asodzi bambo anu ndi amene ankaona pomwe pali usipa n'kuuza anzawo poponya ukonde wa chilimira. Ntchito yawo yonse inali maso. Ndinakhala pambali pa bedi ndikuwadyetsa phala ndi sipuni, ine chakudya osalowa.

Azakhali anu a Ineshi anabwera mawa lake. Anapereka moni kwa mlongo wawo, kenako anandikodola kuti tituluke. Pakhonde panali anthu, koma sanatsitse mawu.

"Alamu, tiuzeni zoona. Chinthu chosadyedwa, chosachiza matenda, chopanda ndi mthunzi womwe, mumachisungira chiyani?"

"N'cha kuntchito, alamu. Chatsala chokhachi."

"Kumudzi akunena zina. Akuti ndi mankhwala oti mukwezedwe pantchito, ndipo malipiro ake ndi maso a mlongo wanga."

Anthu amene ndinkaimba nawo kwaya, amene ndinawapatsa mbande za mango, ndi amene ankanena zimenezo. A Ineshi sindinawakwiyire. Anali ndi mantha ngati ine ndemwe, ndipo amene anagona m'katimo anali mlongo wawo.

Nditapita kunyumba kukatenga zovala ndinapeza atasonkhanitsa zitini ndi nthambi zonse pabwalo ndi khasu, ataunjikapo udzu wouma, machesi ali m'manja. Ndinawagwira dzanja.

"Musayatse. Utsi wake nawonso umapweteka maso, ndipo pano pali ana a anthu."

Zimenezo zinali zoona, ndipo anazimva. Anabweza machesi. "Chabwino. Koma mlongo wanga akamatuluka m'chipatala asadzazipeze pakhomo pano." Atachoka ndinakulunga manja m'majumbo n'kusankha nthambi zimene zinali zisanaphwanyike. Ndinaziika m'dengu n'kulipachika kudenga la khola lakale, kuti mabala aume. Ndikuchita zimenezo ndinkadziona ngati wakuba pakhomo panga pomwe.

M'sumana yomweyo enjinyeru Kustodiyo anatsika kudzatizonda, atanyamula buledi ndi shuga. Atamva nkhani yonse anandiitanira panja. Anati tsopano wamvetsa kuti timitengoto ndi tosowa, ndipo ndikabwerera nato adzandimangira kanyumba ka pulasitiki kuti nkhungu isatifike. Anatinso za udindo uja zatheka, ndikangofika ndikhala woyang'anira. "Koma mubwere mvula isanayambe, Dona Rozina. Kufesa sikudikira, ndipo ndikapanda kukuonani ndiika wina."

Ndinabwerera m'chipinda. Udindo umenewo ndinaugwirira ntchito zaka zonse zija za ndowa pamutu. Ku Maniamba timitengo tikanapulumuka, ndipo pakhomo pakanakhala mtendere. Koma ndikanakwera shapa n'kusiya munthu womangidwa maso, mudzi wonse ukuona kuti zimene unkanena zachitikadi. Bambo anu anamva kuti ndakhala pansi.

"Amake Jaime, zija ndinatola zija, zilipo zamoyo?"

"Zilipo zochepa."

"Ndiye sindinapsere chabe." Kenako anati, "Za Ineshi musazitengere. Ine ndikudziwa chimene chinachitika, ndinadzipukuta ndekha. Koma pakhomo panga sindizifunanso. Mawa kudzakhala adzukulu."

"Ndamva."

"Nanga bwana wanu akuti chiyani?"

Ndinawauza zonse, osabisa. Dzanja lawo linkafufuza pabulangete mpaka linapeza langa.

"Ine sindikuuzani chochita. Ndingofunsa. Akamasula nsaluzi n'kupezeka kuti kuli mdima, inu mudzakhala kuti?"

Enjinyeru anali asananyamuke, ankadikira shapa pamsika. Ndinapita n'kumuuza kuti sindibwerera ku Maniamba, ndipo ndinamupempha andithandize kuti andibwezere pa viveru ya ku Metangula ngati wothirira wamba. Anandiyang'ana modabwa.

"Mukudziwa chimene mukutaya? Mwayi wotere sudzabweranso pa msinkhu wanuwu."

"Ndikudziwa, shefi."

"Nanga timitengo tanu?"

"Sindikudziwa."

Anakwiya pang'ono, koma anandithandiza. Ndinabwerera pantchito imene ndinayambira, pansi pa anthu amene ndinawaphunzitsa ine, ndipo ndinakhala pomwepo mpaka tsiku lopuma.

Atamasula nsalu, bambo anu anaphethiraphethira misozi ikutsika. Ine ndinali nditaima kumiyendo kwa bedi. Anati, "Mwaonda bwanji, Rozina." Ndinakhala pansi pa simenti n'kulira. Diso lamanja linkaona. Lamanzere linachita mtambo, ndipo ndi momwe lilili mpaka lero. Ku chilimira sanabwererenso, anayamba kutchera timaukonde ta m'mbali.

Mvula itayandikira

Dengu lija linali likadali kukhola. Pa viveru analikana, poti aliyense anali atamva za diso. Pakhomo silikanakhala. Tsiku lililonse ndinkalisuzumira, nthambi zikufota pang'onopang'ono, mitambo ikusonkhana kutsidya. Ndinkadziwa kuti ndikachedwa zidzauma, ndipo a Ineshi akadzaliona padzakhala nkhani ina. Tsiku lina bambo anu anandipeza nditaima pamenepo.

"Kumpotoku kuli malo amene phiri limagwera m'madzi," anatero. "Kulibe njira ya pansi. Mbuzi sizifika, oswa miyala sangatsitse katundu. Mwala wake ndi wonga wa kuthanthwe kwanu kuja. Konzekani, mawa ndikuperekezani."

Tinanyamuka m'mamawa nyanja ili bata. Anapalasa okha, mutu ataupendeka kuti diso labwino lione kutsogolo, dengu lili kumapazi anga nditaliphimba ndi thumba. Titafika anagwiriza bwato kumwala ndi nkhafi. "Ine sinditsika," anatero, ndipo sindinawakakamize. Ndinakwawa ndi dengu kumsana mpaka pamwamba pamene mafunde safika. Ndinasankha ming'alu yopendekera, yoti madzi azidutsa, ndinathiramo mchenga ndi timiyala, n'kuika nthambi imodziimodzi ndikuitchinjiriza ndi miyala kuti isagwe. Panalibe kadenga, panalibe munthu woti adzapukute tinsabwe. Nditamaliza ndinaganiza zotsalako ndi kanthambi kamodzi, ndikabise kwinakwake, kuti mwina izi zikafa ndisatsale manja. Ndinayang'ana pansi, ndinaona bambo anu ali m'bwato atatchinga diso lodwalalo ndi chikhatho chifukwa cha kuwala kwa madzi. Ndinabzala ndi komalizako komwe, dengu n'kulikutumula.

Dzinja la chaka chimenecho linali lamphamvu. Mvula iliyonse ndinkaiona ngati ikugwera pamwala uja pokha. Nyanja inali yoipa, sitikanatha kupita. Pantchito ndinkathirira mbande maganizo ali kwina, mpaka anzanga ankandifunsa ngati ndikudwala. Mvula itatha tinapalasa. Ming'alu ina inali pululu, madzi anakokolola. Nthambi zina zinali zakuda, zitaola. Koma zina zinali chilili, ndipo nditazigwedeza ndi kamtengo sizinasunthe. Zinali zitagwira.

Masiku ano

Kuyambira pamenepo takhala tikupitako chaka ndi chaka, mvula ikatha. Timitengoto tachuluka pang'ono, ndipo m'ming'alu ina mwamera tina tating'ono timene sindinabzale ine. Zimenezo zimandisangalatsa, koma mtima sunakhale pansi. Moto wolusa ukhoza kutsika phiri chaka china. Ndamvanso kuti kuli anthu amene akuyendera magombe a kumpotoko kufuna malo omangapo nyumba za alendo, ndipo ndikaona boti lachilendo likulowera kumeneko ndimasiya chimene ndikuchita n'kuliperekeza ndi maso. Malowo sindinalembe dzina lake pano mwadala. Mukadzafuna kuwadziwa, mudzabwere tidzapite limodzi mawondo anga asanakanike. A Ineshi tinagwirizananso, ngakhale nkhaniyi sitiikamba.

Zaka zonsezi bambo anu ankatsala m'bwato. Ulendo wathu womaliza tinapeza timitengo tachita maluwa, ndipo ndinafuula kuchokera pamwamba kuwauza. Ndinamva phokoso kumbuyo. Nditacheuka ndinaona amangirira bwato ndipo akukwera, pang'onopang'ono, akupuma panjira. Atafika anaima patali ndithu, manja onse awiri ataika kumbuyo. Anawerama n'kupendeka mutu. Timaluwato ndi tating'ono ngati njere za mapira, tachikasu, timatuluka pakati pa minga, ndipo tinali todzaza ndi nyerere.

"Ndi timeneti?" anafunsa.

"Ndi tomweti."

"Tochepa chonchi?"

"Sitikula kuposa apa."

Anayang'ana nthawi yaitali, ine ndikuyang'ana iwo. Kenako anaweramuka n'kutembenukira kunyanja.

"Tiyeni, amake Jaime. Mwera ukubwera."

Anatsika patsogolo panga, ndipo pomwe panali poterera anatembenuka n'kundipatsa dzanja.